Barbara Woodhouse

Barbara Kathleen Vera Woodhouse (9 Meyi 1910 – 9 Julayi 1988) anali mphunzitsi wa agalu ndi mahatchi, mlembi wa mabuku, komanso munthu wodziwika pa wailesi yakanema ku Britain. Mbiri yake inawanda atakalamba kale, zaka zake zikuyandikira 70, pamene BBC inaonetsa mu 1980 pulogalamu yake ya zigawo 10 yotchedwa Training Dogs the Woodhouse Way. Pofika nthawi imeneyo n'kuti ntchitoyo ataigwira kwa zaka pafupifupi 30, ndipo agalu amene anawaphunzitsa pamodzi ndi eni ake amaposa 17,000. Chimene amakumbukiridwa nacho kwambiri ndi mfundo yakuti galu akamavuta, woyamba kumuyang'ana asakhale galuyo ayi, koma munthu amene wagwira chingwe: mawu ake, manja ake ndi mantha ake. Mfundo imeneyi idakalipobe m'makalasi a agalu mpaka lero. Tcheni chothina pakhosi chimene ankadalira, aphunzitsi ambiri anachisiya.

Ubwana wake

Barbara anabadwira pasukulu ya St Columba's College ku Rathfarnham, kufupi ndi mzinda wa Dublin ku Ireland. Dzina la kwawo linali Blackburn. Bambo ake, a William Blackburn, anali m'busa, ndipo ndiwo anali mkulu wa sukuluyo, yomwe inali ya anyamata ogonera komweko. Mwanayu anakula akusewera ndi agalu ndi mahatchi. Bambowo anamwalira mwadzidzidzi mu 1919 iye asanakwanitse zaka 10, ndipo banjalo linawolokera ku England, koyamba ku Brighton, kenako ku Headington mu mzinda wa Oxford, kumene Barbara anaphunzira pa Headington School.

Mu 1926 analowa sukulu ya zaulimi ya Harper Adams ku Shropshire. Pa ophunzira onse a nthawiyo, mtsikana anali iye yekha. Atamaliza anabwerera ku Headington n'kutsegula malo ophunzitsira anthu kukwera hatchi, pamodzi ndi makola osungiramo agalu a anthu amene achoka pakhomo kwa masiku angapo.

Zaka za ku Argentina

M'zaka za m'ma 1930 anapita ku Argentina, kumene anakhala zaka zoposa zitatu m'mafamu akuluakulu a ng'ombe, akuzoloweretsa mahatchi amene anali asanakweredwepo ndi munthu. Kumeneko ntchitoyi inali ya amuna, ndipo inkagwiridwa mwankhanza: hatchi ankaikola ndi chingwe, kuigwetsa, kuimanga, kenako n'kuikwera mpaka itatopa n'kugonja. Malinga ndi zimene Barbara analemba pambuyo pake, munthu wina wa mtundu wa Guarani ndiye anamuonetsa njira ina. Mahatchi awiri akakumana amayandikizana mphuno n'kupumirana mpweya, ndipo munthu naye angathe kupereka moni wotero: kuyandikira pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo, n'kupumira mofatsa m'mphuno mwa hatchiyo.

Anapitiriza kuchita zimenezi moyo wake wonse, kwa mahatchi, ng'ombe ndi nyama zina, ndipo anthu ambiri ankaziona ngati matsenga kapena nthabwala. Kaya mphamvu inali mu mpweyawo kapena ayi, chooneka ndi maso n'chakuti munthu amene akupuma mwachifatse, osatambasula manja, osathamangira, sachititsa nyama mantha. Phunziro limene anabwera nalo kuchokera ku Argentina linali lokhudza thupi la munthu kuposa la hatchi.

Banja, ng'ombe ndi galu wotchedwa Juno

Mu 1940 anakwatiwa ndi Michael Woodhouse, yemwe anali dokotala, ndipo anakakhala ku Melksham m'chigawo cha Wiltshire. Anabereka ana atatu. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi zaka zotsatira ankaweta ng'ombe za mkaka. Pambuyo pake banjalo linakhazikika panyumba yotchedwa Campions ku Croxley Green m'chigawo cha Hertfordshire, chakumpoto chakumadzulo kwa London.

Chimene chinamulowetsa m'dziko la agalu ndi galu wake wamkazi wa mtundu wa Great Dane, dzina lake Juno. Agalu a mtunduwu ndi aakulu ngati thole, ndipo Juno anaphunzitsidwa bwino moti anayamba kubwerekedwa ndi makampani opanga mafilimu, amene malo awo ojambulira sanali kutali ndi Croxley Green. Juno atafa, ntchitoyo anaipitiriza galu wina wa mtundu womwewo, Junia. Anthu poona chigalu chotere chikumvera mayi mmodzi popanda kukokana, anayamba kubwera ndi agalu awo amene anawalephera.

Makalasi a ku Croxley Green

Woodhouse anayamba kuphunzitsa agalu monga ntchito mu 1951. Makalasi a agalu sanayambe ndi iye. Njira zambiri zimene zinkagwiritsidwa ntchito pa nthawiyo zinachokera kwa apolisi ndi asilikali, makamaka kwa Konrad Most wa ku Germany, amene buku lake la mu 1910 linamasuliridwa m'Chingelezi mu 1954. Chimene mayiyu ankachita chinali kutenga maphunzirowa n'kuwapereka kwa anthu wamba oweta galu wapakhomo, amene sankafuna mpikisano kapena kugwira mbava, koma kungoti akamayenda pamsewu galu asawakoke ngati ngolo.

Kalasi inkakumana sabata iliyonse, nthawi zambiri pabwalo, anthu ataima pamzere aliyense ndi galu wake kudzanja lamanzere. Pambuyo pake anayambitsanso maphunziro a kumapeto kwa sabata. Zophunzitsidwa zinali zochepa: galu akhale pansi, agone, adikire pamene wasiyidwa, abwere akaitanidwa, ndipo ayende pambali pa mwini wake chingwe chili lende. Zida zake zinali zitatu. Choyamba chinali mawu. Ankafuna kuti lamulo likhale lalifupi, lomveka bwino, lonenedwa kamodzi. Koma galu akachita bwino, mwini wake asinthe mawu akhale okwera ndi achisangalalo, ayamikire ngati mwana wakhoza mayeso, ndipo amukande galuyo pachifuwa pakati pa miyendo yakutsogolo. Chachiwiri chinali zizindikiro za manja, zomwe zinkayenera kuyendera limodzi ndi mawuwo nthawi zonse popanda kusinthasintha. Chachitatu chinali tcheni cha mphete zikuluzikulu chimene chimathina pakhosi chikakokedwa. Galu akakoka kapena kunyozera, mwini wake ankayenera kugwedeza chingwe mwamphamvu kamodzi n'kuchimasula nthawi yomweyo. Iye ankalimbikira kunena kuti chimene chimamudzidzimutsa galu ndi kulira kwa tchenicho, osati ululu.

Panali chinthu chimodzi chimene ankachita pafupifupi m'kalasi iliyonse. Ankalanda chingwe m'manja mwa munthu amene wakhala akulimbana ndi galu wake kwa miyezi, n'kuyenda naye galuyo mphindi zochepa, ndipo galu yemwe uja ankayamba kumvera. Akabwezeredwa kwa mwini wake, zovuta zija zinkayambiranso. Kwa Woodhouse umenewu unali umboni wokwanira wakuti amene wabwera kudzaphunzira ndi munthuyo. Buku la Guinness la zinthu zoposa zina zonse linamulemba monga mphunzitsi wa agalu amene anaphunzitsa ochuluka, ndipo linatchulanso zoti mu 1973 ku Denver m'dziko la America anaphunzitsa agalu 80 pa mapeto a sabata imodzi.

Ankalembanso mabuku. Mbiri ya moyo wake, Talking to Animals, inatuluka mu 1954, ndipo kenako kunabwera ena, monga Dog Training My Way ndi Difficult Dogs. Mabuku ake ena ankawasindikiza ndi kuwagulitsa yekha.

Galu wolusa msanga ndi mwini wake

Agalu ovuta kwambiri amene ankabwera nawo kwa iye anali aja osachedwa kulusa. Galu wotere pakhomo amakhala wofatsa, koma akangoona galu mnzake, mlendo, njinga kapena mwana wothamanga, amauwa mosalekeza, ubweya wapamsana uli nyankhalala, n'kumadziponya kutsogolo ngati adula chingwe. Anthu amangomutchula kuti ndi waukali, koma ambiri mwa agalu oterewa chimawavuta ndi mantha. Ena n'kukhumudwa chabe: akufuna kukafika kwa mnzawoyo koma chingwe chikuwaletsa.

Zimene zimachitika kumapeto ena a chingwe n'zimene Woodhouse anaziona bwino kuposa anzake ambiri a nthawi yake. Mwini galu amene anachititsidwapo manyazi amayamba kuona galu wina ali patali, galu wake asanamuone n'komwe. Amakulunga chingwe kudzanja, amaumitsa mkono, amasiya kupuma bwino, amafulumiza kapena kuima. Galu wakeyo amamva kuthina pakhosi ndipo amadziwa kuti kukubwera choopsa. Akayamba kuuwa, mwini wake amakalipa, ndipo kwa galuyo zimamveka ngati awiriwo akuuwira limodzi. Galu wachilendo uja akadutsa n'kupita, monga akanapitira ngakhale pakanapanda phokoso, wouwayo amaphunzira kuti kuuwa kwake ndiko kwamuthamangitsa. Mawa lake zimayamba msanga kuposa dzulo. Mapeto ake munthuyo amayamba kutuluka ndi galu usiku wokha kapena kuleka kumene, ndipo galu wosaona anzake amanka naipirabe.

Mayiyu ankati maganizo a munthu amafika kwa galu ngakhale munthuyo asanalankhule, ndipo ankakhulupirira ndithu kuti nyama zimamva zimene munthu akuganiza popanda mawu kapena chizindikiro. N'chifukwa chake ankauza ophunzira ake kuti asamayende akuyembekezera ndewu, koma ayende nganganga, nkhope yosangalala, akulankhula ndi galuyo mwansangala ngati palibe chovuta. Ankadzudzula anthu amitundu iwiri: aukali, amene amalanga galu chifukwa cha mkwiyo wawo, ndi achisoni chopitirira, amene amamutenga galu ngati khanda n'kumalephera kumuuza chochita. Sankagwirizana ndi kunyengerera galu wamantha. Kwa iye mankhwala anali kumugwedeza ndi tcheni, kumudutsitsa pa chimene akuopacho, kenako n'kumuyamikira kwambiri. Maganizo onsewa anawasonkhanitsa m'buku lakuti No Bad Dogs, limene mutu wake womwe ukunena kuti kulibe galu woipa.

Pamenepa m'pamene pali kusemphana kwakukulu m'ntchito yake. Ankadziwa kuti munthu wonjenjemera amanjenjemeretsa galu wake, koma iye mwini ankawalankhula anthuwo ngati ana a sukulu ochedwa. Munthu wamawu otsika ankauzidwa kubwereza lamulo limodzi kambirimbiri anzake onse akumuyang'ana. Ena zinkawathandiza, chifukwa kulimba mtima kwa mayiyu kunkawalowerera. Koma munthu amene wabwera kale ndi manyazi chifukwa cha galu wake sachira pochititsidwa manyazi ena. Ndipo kunena kuti kulibe galu woipa kuli ndi mbali ziwiri: kunapulumutsa agalu ambiri amene akanaphedwa kapena kutayidwa, komanso kunasenzetsa eni ake mlandu wonse, pamene galu wina amabadwa wamantha, wina anakula osaona anthu asanafike kwa mwini wake watsopano, ndipo wina amaluma chifukwa thupi likumupweteka.

Pa wailesi yakanema

Woodhouse anali ataonekerapo pa wailesi yakanema kalekale, mwachitsanzo pa pulogalamu ya What's My Line, imene akatswiri amayesa kulota ntchito ya mlendo. Yake analephera kuilota. Koma kutchuka kwenikweni kunabwera ndi pulogalamu ya BBC ya mu 1980. Inajambulidwa mosavuta, pabwalo, popanda zokometsera zilizonse: gogo wovala siketi yaubweya, juzi ndi nsapato zafulati, akulamula anthu akuluakulu ndi agalu awo. Anthu mamiliyoni ankaonera, ambiri mwa iwo opanda ndi galu yemwe. Chimene chinkawakoka sanali agaluwo kwenikweni, koma kuona bambo wolemekezeka akukalipiridwa chifukwa chogwira chingwe molakwika. Katchulidwe kake ka mawu ouza galu kukhala pansi ndi omuitanira kokayenda kanalowa m'nthabwala za dziko lonselo, ndipo chaka chomwecho analandira mphotho ya mayi wotchuka pa wailesi yakanema.

Panatsatira mapulogalamu ena, ina ya mahatchi ndi ina imene anapita ku Beverly Hills kukakumana ndi agalu a akatswiri a mafilimu. Ku America anaonekera pa pulogalamu ya 60 Minutes, ndipo buku la No Bad Dogs litatuluka kumeneko mu 1982 linagulidwa kwambiri. Mu filimu ya James Bond ya mu 1983, Octopussy, muli malo pamene Bond, yemwe ankasewera ndi Roger Moore, akumana ndi nyalugwe wa ku India n'kumulamula kukhala pansi motsanzira mayiyu.

Imfa yake

Mu 1984 anadwala sitiroko, ndipo ntchito yake inachepa kuyambira pamenepo. Anamwalira pa 9 Julayi 1988 ku Buckinghamshire atadwalanso matenda omwewo, ali ndi zaka 78. Patapita zaka zitatu, mu 1991, opanga katuni ya The Simpsons anaika mu gawo lina mphunzitsi wa agalu wa ku England wokonda tcheni, dzina lake Emily Winthrop, amene anamupanga potengera Woodhouse.

Zimene zinatsimikizika ndi zimene zinatsutsidwa

Mayiyu adakali moyo, ena anali atayamba kale njira ina. Mu 1982 Ian Dunbar, dokotala wa zinyama wochokera ku Britain, anatsegula ku California makalasi a tiana ta agalu, mmene tinkasewera topanda chingwe n'kumaphunzira ndi chakudya monga mphotho. Maganizo ake anali akuti m'mera mpoyamba, galu azolowere anthu ndi anzake adakali wamng'ono. Mu 1984 Karen Pryor, amene poyamba ankaphunzitsa nyama za m'nyanja zotchedwa dolphin, zimene munthu sangazimange tcheni, anatulutsa buku lakuti Don't Shoot the Dog, lofotokoza kuphunzitsa ndi mphotho motsatira kafukufuku wa B. F. Skinner.

Pa nkhani ya maganizo a mwini galu, kafukufuku wa zaka zaposachedwa wamuikira kumbuyo Woodhouse, ngakhale kuti chifukwa chake si chimene iye ankakhulupirira. Mu 2019 ofufuza a pa yunivesite ya Linköping ku Sweden anayeza homoni yotchedwa cortisol, imene imachuluka munthu kapena nyama ikakhala pa nkhawa, m'tsitsi la amayi 58 ndi mu ubweya wa agalu awo. Anapeza kuti kuchuluka kwake mwa galu kunkayendera limodzi ndi kwa mwini wake. Mu 2022 pa Queen's University ku Belfast, agalu anayi anapatsidwa thukuta ndi mpweya wa anthu 36, wotengedwa anthuwo asanayambe ndiponso atamaliza masamu ovuta a pamtima. Agaluwo ankasiyanitsa fungo la munthu wopanikizika pafupifupi maulendo 94 pa 100 alionse. Galu safunika kuwerenga maganizo: mphuno, makutu, maso ndi khosi lake zimamuuza zokwanira.

Pa nkhani ya tcheni ndi chilango, zotsatira zinamutsutsa. Mu 2009 Meghan Herron ndi anzake a pa yunivesite ya Pennsylvania anafunsa eni agalu 140 zimene anayesapo pofuna kuthetsa mavuto a agalu awo. Mwa amene anamenya kapena kuponda galu, 43 pa 100 alionse ananena kuti galuyo anabwezera mwaukali. Mu 2020 ofufuza a ku Porto m'dziko la Portugal anayerekeza agalu 92 a m'sukulu 7, ndipo anapeza kuti ophunzitsidwa ndi kugwedezedwa chingwe ndi kukalipiridwa ankaonetsa zizindikiro zambiri za nkhawa, ndipo cortisol wawo ankakwera akamaliza phunziro. Mu 2021 bungwe la ku America la madokotala a zinyama oona za khalidwe, AVSAB, linalangiza kuti agalu onse, olusa omwe, aziphunzitsidwa ndi njira za mphotho.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Galu amene amaopa agalu anzake, ngati khosi limamupweteka nthawi iliyonse akaona mnzake, amangotsimikiza kuti anali kulondola kuopa. Akhoza kusiya kuuwa, koma manthawo adakali momwemo, ndipo galu amene waletsedwa kuchenjeza ndi amene amadzaluma popanda chenjezo. Ngakhale chozizwitsa chija cha kulanda chingwe chili ndi tanthauzo lina: galu wogwidwa mwadzidzidzi ndi mlendo wamphamvu amatha kungoti zii chifukwa cha kudabwa, zimene pa kanema zimaoneka ngati kumvera.

Makalasi a masiku ano a agalu olusa msanga amakhala ndi agalu ochepa, otalikirana, nthawi zina otchingidwa kuti asamaonane nthawi zonse. Galu amaonetsedwa mnzake ali patali pamene angathe kumuyang'ana osalusa, n'kupatsidwa kachakudya kokoma. Mtundawo umachepetsedwa pang'onopang'ono, kwa masabata kapena miyezi. Njirayi si yatsopano. Mu 1924 Mary Cover Jones wa ku America anathetsa mantha a kamnyamata koopa kalulu pomusendezera kaluluyo pang'onopang'ono kamnyamatako kakudya chakudya chimene kankakonda. Nthawi yambiri ya kalasi yotere imathera pa munthu: kuzindikira zizindikiro zoyamba, monga galu kuuma thupi, kutseka pakamwa kapena kuyang'anitsitsa, kupuma bwino ndi kumasula mkono, kutembenuka n'kuchoka zinthu zisanafike poipa, popanda kudziona ngati wagonja. Pamenepa aphunzitsi a lero, ngakhale amene sakonda kumva dzina la Woodhouse, akuyenda m'mapazi ake.

Nkhaniyi kwa oweta agalu ku Lilongwe

Pamene pulogalamu ya Woodhouse inkaonetsedwa mu 1980, Malawi analibe wailesi yakanema yakeyake. Television Malawi inayamba mu 1999. Dzina lake silidziwika kwenikweni kuno, ndipo galu amene ankamuganizira iye, wogona m'nyumba ndi kuyenda pa chingwe madzulo alionse, si galu wa ku Kaliyeka, Kawale, Biwi kapena Area 23. Kuno ntchito ya galu ndi ulonda. Masana ambiri amatsekeredwa m'khola kapena kumangidwa kuseri kwa nyumba, usiku n'kumasulidwa, ndipo ena amangoyendayenda okha m'makwalala. Ku Croxley Green munthu ankachita manyazi galu wake akauwa mlendo. Kuno ambiri amanyadira, ndipo ena amamubisa dala galu kuti asazolowere anthu, poganiza kuti akatero ndiye adzalondera bwino.

Komabe galu wokula chotere ndi yemwe uja wolusa chifukwa cha mantha. Sasiyanitsa mbava ndi wowerenga mita ya madzi, kapena ndi mwana wa alendi anzake amene akudutsa kupita kumpopi. Pa poloti yokhala mabanja angapo, geti likangoiwalika, nkhani imathera kuchipatala ndi kwa amfumu. Mbali ya mwini galu imaonekanso bwino. Galu akagwira nkhuku ya aneba m'mawa n'kudzakwapulidwa madzulo mwini wake atamva madandaulo, sangalumikize chikwapucho ndi nkhukuyo. Chimene amaphunzira n'chakuti dzanja la munthu ndi loopsa. Galu amene ana amamugenda ali pa tcheni, kopanda kothawira, amaphunzira chimodzimodzi za ana. Ndipo mphotho yophunzitsira siyenera kuchokera m'sitolo: kausipa kapena kachidutswa ka mkute, koperekedwa nthawi yomweyo galu akachita bwino, kamagwira ntchito.

Malo amodzi amene agalu ambiri a m'tauni amakumana ali pa chingwe ndi pa katemera wa chiwewe. Ku Lilongwe katemerayu amaperekedwa ndi a zaziweto a boma mogwirizana ndi bungwe la LSPCA, limene linayamba mu 2008 ndipo limaphunzitsanso ana m'sukulu za kasamalidwe ka nyama ndi kupewa kulumidwa. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 mu 2015. Kuti chiwewe chileke kufala pamafunika kubaya agalu osachepera 70 pa 100 alionse m'dera, ndipo galu amene mwini wake amamuopa kapena sangathe kumugwira ndi amene amatsala pakhomo tsiku la katemera. Wina amafika akukwekwerezedwa ndi waya pakhosi pakati pa agalu ena ouwa, wogwira chingwe naye ali ndi mantha, ndipo chaka chamawa safunanso kubwera naye. Galu wozoloweretsedwa chingwe ndi kugwidwa thupi adakali kamwana savutitsa pa mzere wotere.

Pali kulusa kumodzi kumene sikukhudzana ndi maphunziro kapena maganizo a mwini galu, kumene Woodhouse sankakumana nako m'makalasi ake chifukwa Britain anali atathetsa kale chiwewe cha agalu. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuluma chilichonse, akutuluka dovu kapena akulephera kumeza, asayandikiridwe. Adziwitsidwe a zaziweto. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, pafupifupi onse atachitenga kwa galu, ndipo 4 pa 10 alionse mwa iwo ndi ana osakwana zaka 15. Munthu wolumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera.